Ndani ankalipira malinga a mizinda ya ku England: mfumu, kapena wobwera ndi ng'ombe pamsika?

Wowerenga wina amene akukhala ku Britain watilembera motere: "Ndinayenda pamwamba pa linga la miyala lozungulira mzinda wa Chester. Amene ankationetsa malo ananena kuti mafumu akale ndiwo ankathandiza kumanga ndi kukonza malinga otere. Kodi mfumu inkapisa m'thumba mwake? Ndalamazo zinkayenda bwanji, nanga n'chifukwa chiyani malinga ena anatenga mibadwo asanathe?"

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Amene ankakuonetsani malo sananame, koma anasiya mbali yaikulu ya nkhani. Nthawi zambiri mfumu ya England sinkapereka ndalama. Chimene inkapereka chinali chilolezo choti mzinda uzitolera msonkho wapadera pa katundu wolowa pazipata zake. Msonkhowo unkatchedwa murage, kuchokera ku mawu a Chilatini akuti murus, kutanthauza khoma. Mfumu inkapereka chidindo chake. Ndalama zinkachokera kwa mlimi wobwera ndi tirigu, wamalonda wa zikopa, ndi mwini ngolo ya mchere.

Tiyambe ndi ndalama zake, chifukwa popanda kuzimva, manambala onse akhala opanda tanthauzo. Mapeni 12 ankapanga shilingi imodzi, mashilingi 20 ankapanga paundi imodzi, ndiye kuti paundi inali mapeni 240. Agogo athu amene anagwirako ndalama za ku Malawi kwacha isanabwere mu 1971 akudziwa bwino kawerengedwe kameneka. Cha m'ma 1300, mmisiri wodziwa kusema ndi kuyala miyala ankalandira pafupifupi mapeni 4 patsiku, ndipo wonyamula miyala ndi kukumba ankalandira pafupifupi theka la zimenezo.

Makalata oyamba a msonkho wa linga anatuluka mu 1220, mfumu Henry III idakali mwana, ndipo anapita ku Shrewsbury ndi Bridgnorth, matauni a kufupi ndi malire a Wales kumene nkhondo inkabuka kawirikawiri. Kuchokera pamenepo mwambowo unafalikira msanga. York inalandira mu 1226, Southampton mu 1260, Newcastle mu 1265, ndipo mizinda ya ku Ireland imene inali m'manja mwa mfumu ya England, monga Dublin ndi Drogheda, inkalandiranso.

Kayendedwe kake kanali kotere. Akuluakulu a mzinda ankatumiza pempho kwa mfumu, kudandaula kuti mzinda uli pamtetete kapena kuti linga lagumuka. Mfumu ikavomera, alembi ake a ku Chancery, ofesi yolemba makalata a mfumu, ankalemba kalata yosamata, yokhala ndi chidindo chachikulu cholendewera m'munsi, kuti aliyense aione ndi kuimva. Mawu ake ankawakoperanso pa zikopa zosokedwa pamodzi n'kukulungidwa ngati mphasa, zimene zikusungidwa mpaka lero ku nyumba yosungira zolemba zakale za boma ku Kew. M'kalatamo munkakhala zinthu zitatu zofunika kwambiri: tsiku loyambira kutolera, zaka zimene msonkhowo ukhale, ndi mndandanda wa katundu pamodzi ndi mtengo wake. Poyamba nthawi inkakhala yochepa, chaka chimodzi mpaka zitatu. Kenako zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zinakhala zofala. Nthawi ikatha, msonkho unkathera pomwepo, ndipo mzinda unkayenera kukagwadanso. Apa ndi pamene panali mphamvu ya mfumu: mzinda umene wayamba kuuma mutu unkatha kubwerera chimanjamanja.

Mndandanda wa mitengo unkasiyana mzinda ndi mzinda, koma kaonekedwe kake kanali kofanana. Hatchi kapena ng'ombe yobwera kudzagulitsidwa nthawi zambiri inkalipira theka la peni. Chikopa chimodzi chinkalipira kandalama kakang'ono kwambiri mwa ndalama zonse, gawo limodzi mwa magawo anayi a peni. Nkhosa, mbuzi kapena nkhumba ankaziwerenga m'magulu, khumi pa peni imodzi. Thumba la ubweya wa nkhosa, lolemera pafupifupi makilogalamu 165, ndi mbiya yaikulu ya vinyo ya malita oposa 900, zinkalipira mapeni ochepa chabe. Pakapita zaka mindandanda inkatalika: nsomba zouma, mchere, chitsulo, mtovu, uchi, adyo, anyezi, misomali, malasha, nsalu, mphero. Amene anagulitsapo pamsika wa khonsolo, n'kuona wodula matikiti akuyenda benchi ndi benchi m'mamawa, waona kale mzimu wa msonkho umenewu. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama iyi inali ndi ntchito imodzi yokha yolembedwa m'kalata, ndipo inali ndi tsiku lothera.

Tsopano tengani cholembera tiwerengere limodzi, chifukwa yankho la funso lanu lomaliza lili m'masamu amenewa. Ku Chester komweko, pangodya ya kumpoto chakumadzulo kwa linga, pali nsanja yotchedwa Water Tower. Inamangidwa pakati pa 1322 ndi 1325 ndi mmisiri John de Helpston, pa mtengo wa mapaundi 100. Amenewo ndi mapeni 24,000. Ngati ndalama yonseyo ikanachokera ku ng'ombe zolipira theka la peni, pakanafunika ng'ombe 48,000 kudutsa pachipata kuti nsanja imodzi yokhayo iime. Tsiku limodzi la mmisiri mmodzi linkadya msonkho wa ng'ombe zisanu ndi zitatu. Tsono linga la Chester ndi lalitali pafupifupi makilomita atatu, ndipo la York limaposa pamenepo. Msonkho wa murage unali ngati madzi odontha kuchokera pa denga: mtsuko umadzaza ndithu, koma osati lero.

Chinkaonjezera vuto n'chakuti si onse ankalipira. Nzika za mzindawo kawirikawiri sizinkakhudzidwa, chifukwa msonkho unkalunjika kwa obwera. Nzika za London zinali ndi makalata ozimasula, anthu a madoko a kum'mwera chakum'mawa kwa England otchedwa Cinque Ports chimodzimodzi, ndipo nyumba zambiri za amonke zinali ndi ufulu womwewo. Mu 1303 mfumu Edward I, kudzera m'chikalata chotchedwa Carta Mercatoria, inamasula amalonda a kunja kwa dziko ku msonkho wa malinga, wa milatho ndi wa misewu, posinthana ndi msonkho watsopano wa pa doko umene unkapita kwa mfumuyo. Onani bwino apa: ndalama imene ikanagwera m'bokosi la mzinda inakhotetsedwa kupita m'nkhokwe ya mfumu. Amene anatsala kusenza mtolo anali anthu wamba a m'midzi yozungulira ndi amalonda a matauni ang'onoang'ono opanda makalata, anthu amene nkhondo ikabwera nyumba zawo zinkatsala kunja kwa linga lomwe analipirira. Ine ndimaona kuti pamenepa panali kupanda chilungamo kwenikweni, ndipo n'koyenera kukukumbukira pamene tikusirira kukongola kwa miyalayo.

Ku London kunali njira ina yochititsa chidwi. Amalonda a ku Germany a gulu la Hanse anagwirizana ndi mzindawo mu 1282 kuti iwo azisamalira ndi kukonza chipata cha Bishopsgate, ndiponso azithandiza kuchilondera, ndipo pobwezera sankalipira murage. M'malo mwa mapeni a tsiku ndi tsiku, mzinda unapeza mwini wa chipata chimodzi.

Ndalama zikatoleredwa zinkapita kwa anthu osankhidwa ndi mzinda. Ku Chester ankatchedwa murengers, ku York muremasters. Iwo ndiwo ankagula miyala ndi laimu, kulemba amisiri, kulipira kumapeto kwa sabata ndi kusunga mabuku. Mizinda ina inkagulitsa ntchito yotolera kwa munthu mmodzi: iye ankalipira mzinda ndalama yogwirizana, ndipo chilichonse chimene watolera pamwamba pake chinali chake. Mzinda unkapindula podziwiratu ndalama ya chaka, koma wogula ntchitoyo ankakhala ndi chifukwa chofinyira aliyense wodutsa, ngakhale amene kalata sinawatchule. Chinyengo china chinali cha akuluakulu eni ake, kutenga ndalama ya linga n'kulipirira ngongole za mzinda kapena kungoidya. Madandaulo anachuluka mpaka lamulo la Westminster la 1275 linanena poyera kuti mzinda wopezeka ukutolera murage mosiyana ndi mmene unapatsidwira utaya chilolezocho mpaka kalekale, ndipo ulipitsidwa chindapusa chowawa. Mfumu inkatumizanso nthumwi zake kukafufuza mabuku a otolera, makamaka mzinda ukabwera kudzapempha zaka zina pamene linga silikuoneka kuti lakwera.

Kupatula msonkhowo, mfumu inali ndi timphatso tina timene sitinkaboola thumba lake kwambiri. Mzinda uliwonse wodzilamulira unkapereka kwa mfumu ndalama yokhazikika chaka ndi chaka, ndipo pa nthawi ya zoopsa mfumu inkatha kukhululuka gawo lake kuti lipite ku linga. Inkatha kupereka mitengo ya m'nkhalango zake yopangira zitseko ndi milatho ya pazipata, kapena miyala ya m'malo ake. Mu 1385 mfumu Richard II inalola anthu a ku Coventry kukumba miyala pa malo ake a Cheylesmore, ndipo linga linakhotetsedwa kuti nyumba ya mfumu ya pamenepo ikhale mkati. Inkaperekanso kalata yolola meya kugwira amisiri ndi ngolo mokakamiza, pa malipiro oyenera, ndiponso mphamvu yogumula nyumba zimene zaima pa mzere wa linga. Palinso kalata ina imene anthu amaisokoneza ndi thandizo la ndalama, yololeza kumanga linga lokhala ndi mano pamwamba pobisalira asilikali. Hull inalandira yotere mu 1321 n'kumanga linga lake ndi njerwa, popeza m'deralo dothi linali lambiri kuposa miyala. Kalata imeneyo payokha inalibe ngakhale peni imodzi.

Nanga ndi liti pamene mfumu inkalipira yokha? Pamene linga linali chida chake cha nkhondo. Chitsanzo choonekeratu chili pafupi ndi Chester komwe munapitako, ku Conwy kumpoto kwa Wales. Edward I atagonjetsa akalonga a Wales, anamanga nyumba yankhondo ndi tauni yatsopano nthawi imodzi, kuyambira 1283 mpaka 1287, moyang'aniridwa ndi katswiri James of St George wochokera ku Savoy. Linga la tauniyo ndi lalitali makilomita 1.3, lili ndi nsanja 21 ndi zipata zitatu. Zonse pamodzi ndi nyumba yankhondoyo zinadya pafupifupi mapaundi 15,000, kapena kuti mapeni 3,600,000, ndipo ndalamazo zinachokera ku chuma cha mfumu, ku misonkho ya dziko ndi ku ngongole za amalonda a ku Italy. Amisiri, akalipentala ndi okumba anasonkhanitsidwa kuchokera m'maboma ambiri a England, ndipo Chester inali malo amene ambiri ankakumanirana asanalowe mu Wales. Mukadzapitako, yang'anani kumbali ya kum'mwera pafupi ndi chipata cha Mill Gate: pali zimbudzi 12 zotulukira kunja kwa khoma zondandana ngati zisa za namzeze, zomangidwira alembi a mfumu mu 1286 pa mtengo wa mapaundi 15. Ku Caernarfon nakonso linga la mamita 734 linamangidwa ndi ndalama za mfumu, ndipo anthu a Wales motsogozedwa ndi Madog ap Llywelyn ataliphwanya mu 1294, mfumu yomweyo inalipiranso kulikonza mwachangu. Matauni amenewa ankakhalamo atsamunda a ku England, ndipo linga linkawateteza kwa eni dziko.

Yerekezani zaka zinayi za Conwy ndi Coventry, mzinda wolemera ndi malonda a nsalu koma wodalira matumba a anthu ake. Ntchito inayamba cha m'ma 1355, ndipo linga la makilomita oposa atatu ndi zipata zake 12 linatsekedwa mu 1534, patapita zaka pafupifupi 180. Amene anaika mwala woyamba, ana awo ndi zidzukulu zawo onse anapita kumanda linga lidakali ndi mpata. Ku Norwich ntchito inayamba m'zaka za m'ma 1290 n'kumayenda mwa pang'onopang'ono, mpaka nzika ina yolemera, Richard Spynk, inatenga mtolowo n'kumaliza zipata ndi nsanja ndi chuma chake, n'kuikamo ngakhale makina oponyera mivi ikuluikulu. Mzinda unamuthokoza mu 1343 pomumasula iye ndi olowa m'malo mwake ku misonkho ya mzindawo.

Ndalama si zokhazo zinkachedwetsa. Kamangidwe kake kanali ndi malire ake. Mizinda yambiri inkayamba ndi ngalande yakuya, dothi lake n'kuliunjika mkati kukhala chulu chachitali, pamwamba n'kuzika mpanda wa mitengo. Miyala inkabwera pambuyo, ndipo kawirikawiri zipata ndizo zinkayamba, chifukwa pachipata ndi pamene msonkho unkatoleredwa ndiponso pamene alendo ankaonera ulemerero wa mzinda. Khoma lenileni linkakhala ndi nkhope ziwiri za miyala yoyalidwa bwino, pakati n'kuthiramo zibuma ndi matope a laimu ndi mchenga. Kunenepa kwake kunkakhala pafupifupi mamita awiri, kutalika mamita asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Laimu ankamuotcha mu uvuni kuchokera ku miyala ya njereza, n'kumuthira madzi kuti aphwe asanamusakanize, ndipo kuotchako kunkadya nkhuni kapena malasha ochuluka. Matope a laimu sali ngati simenti. Amauma pang'onopang'ono, ndipo mukakweza khoma msanga kwambiri, kulemera kwa pamwamba kumafinya matope a pansi adakali aawisi, khoma n'kutupa mimba. Chisanu chikawapeza asanaume, madzi a mkati amaundana n'kuwaphwanya. N'chifukwa chake ntchito inkayenda kuyambira cha m'ma Epulo mpaka cha m'ma Okutobala, kenako pamwamba pa khoma ankafolerapo udzu mpaka chaka chinacho. Timabowo ta makona anayi timene mumaona m'makoma ndi momwe munkalowa mitengo ya sikafodi. Ku Conwy timakwera mopendekeka mozungulira nsanja, kusonyeza njira imene ankakokerapo miyala.

Chimene chinkadya ndalama mwakachetechete chinali mayendedwe. Kukoka miyala pa ngolo ya ng'ombe mtunda wa makilomita makumi angapo kunkatha kuposa mtengo wa miyalayo. Choncho aliyense ankamanga ndi chimene chili pafupi, kapena chimene chingabwere pa madzi: Chester mwala wofiira wa mchenga, Norwich timiyala tolimba tonga nsangalabwi, York mwala woyera wa njereza wochokera cha ku Tadcaster. Mliri wa 1348 ndi 1349 utapha anthu ochuluka, amisiri anachepa, malipiro anakwera ngakhale boma linayesa kuwaletsa ndi lamulo la 1351, ndipo katundu wolowa m'misika anachepa. Ndalama yolowa inatsika pa nthawi yomwe mtengo wa ntchito unakwera.

Kukonza ndiko kunali kovuta kuposa kumanga, chifukwa pa mtendere palibe amene ankafuna kulipirira mdani wosaoneka. Anthu ankataya zinyalala ndi ndowe m'ngalande mpaka kukwiririka. Ena ankamanga nyumba zotsamira khoma, ena ankazula miyala usiku kukamangira zawo. Mzinda wosowa ndalama unkachititsa lendi nsanja ndi zipinda za pamwamba pa zipata. Timakomo tating'ono tinkabooledwa kuti eni minda asamazungulire; ansembe a chipani cha Dominiko ku Newcastle analoledwa mu 1280 kukhala ndi khomo lawolawo, popeza linga linadula pakati pa nyumba yawo ndi munda wawo. Koma mdani wamkulu anali madzi. Matope a pamwamba akang'aluka, mvula imalowa m'zibuma za pakati, mizu ya zomera n'kutsatira, nkhope ya kunja n'kulekana ndi mtima wa khoma mpaka tsiku lina kugwa ngati chikungwa. Khoma lomangidwa pa chulu cha dothi lounjika, ndi maziko osaya, linkatsetsereka kulowera m'ngalande dothi likanyowa. Zimenezi sizinathe ndi nthawi zakale: mbali ina ya linga la Chester pafupi ndi chipata cha Eastgate inagwa mu 2008.

Chimene chinkadzutsa anthu chinali tsoka. Southampton inkatolera murage kwa zaka zambiri, koma mbali yoyang'ana kunyanja inali yosatsekedwa bwino chifukwa amalonda ankafuna kuti nyumba zawo zizitsegukira padoko. Mu Okutobala 1338, nkhondo ya zaka zana yolimbana ndi France itangoyamba, zombo za adani zinafika, tauni inafunkhidwa ndi kutenthedwa, ndipo ubweya ndi vinyo wa mfumu zinatayika. Edward III analamula kuti mbali ya kunyanjayo itsekedwe, koma ngakhale pamenepo ntchito inakoka miyendo kwa zaka pafupifupi makumi anayi. Pomaliza, cha m'ma 1380, anatenga makoma a kutsogolo kwa nyumba za amalonda, n'kutseka zitseko ndi mazenera ake ndi miyala, n'kumanga mizati yolumikizana ndi mauta kutsogolo kwake kuti inyamule njira ya alonda pamwamba. Mpaka lero mungathe kuona mazenera otsekedwawo. M'nyengo imeneyi mafumu anayamba kupatsa mameya mphamvu yosonkhetsa mwachindunji aliyense wokhala ndi nyumba kapena lendi mumzinda, monga mwa chuma chake, ndipo pang'onopang'ono mtolo unayamba kuchoka pa wobwera kupita pa mwini nyumba wa mkati. Ku Canterbury chipata cha Westgate chinamangidwanso cha m'ma 1380 mothandizidwa ndi Akibishopu Simon Sudbury, chili ndi mabowo oombera mfuti amene ali m'gulu la oyambirira mu England.

Popeza chilolezo chinkachokera kwa mfumu, mfumu inkathanso kulanda. Coventry inatsekera zipata mfumu Charles I mu 1642, ndipo mu 1662 mwana wake Charles II analamula kuti linga lija, limene linadya mapeni a mibadwo isanu ndi umodzi, ligumulidwe. Lero kwatsala zipata ziwiri ndi zidutswa za khoma.

Chester inapulumuka chifukwa inapezera linga lake ntchito ina. M'zaka za m'ma 1700 linasandutsidwa njira yoyendamo anthu popitidwa mphepo, zipata zakale zinasinthidwa ndi mauta otakata oti ngolo zizidutsa, ndipo a murengers anapitiriza ntchito yawo ndi msonkho wa nsalu zochokera ku Ireland. Mukadzayendanso pamwambapo, werengani miyala yolembedwa imene ili m'malo ena a khomalo. Mupeza mayina a meya ndi a murengers a chaka chimene mbaliyo inakonzedwa. Kenako tsikirani ku Water Tower. Pamene John de Helpston ankaimanga, inaima m'madzi a mtsinje wa Dee kuti izilondera doko. Mtsinjewo unadzaza matope n'kusuntha, ndipo lero nsanja ya mapaundi 100 ija yaima pouma, pakati pa udzu, patali ndi madzi.